Nsambo Si Masipoko

Ndakonza njinga kwa zaka makumi anayi ndi zitatu, ndipo pa zaka zonsezo sindinaonepo munthu wobwera pa shedi panga wopanda chofuna. Wina amayamba ndi moni wautali, kufunsa za ana ndi za msana, koma ukasuzumira kumbuyo kwake upeza tayala laphwa. N'chifukwa chake alamu anga atatulukira pakhomo panga ndi gitala kumsana, ine nditangotha milungu iwiri chitulukire m'chipatala, sindinawapatse moni. Ndinawafunsa kuti, "Mukufuna chiyani?"

"Mpando," anatero. "Kapena sitiroko inagwiranso mipando m'nyumba muno?"

Alamu amenewa ndi mlongo wake wa malemu mkazi wanga. Anali dalaivala wa basi mpaka pamene maso anayamba kuwavuta, ndipo pakamwa pawo palibe mabuleki. Mkazi wanga ali moyo ndinkawapirira chifukwa cha iye. Atamwalira ndinkayesa kuti tasiyana bwino, koma iwo ankabwerabe ku shedi, kukhala pa ndowa yovundikira n'kumandisokosera ine ndikugwira ntchito.

Sitiroko inandipeza pa shedi pomwepo, m'mawa, ndikuwongola gudumu. Kiyi wa masipoko anagwa m'dzanja langa lamanzere. Ndinamutola, anagwanso. Kachitatu ndinagwa ndine. Mwendo unabwerera, pakamwa panawongoka, koma dzanjalo linangoti lende ngati gulovesi yonyowa. Ndipo limenelo ndilo dzanja langa la ntchito. Ine powongola gudumu, dzanja lamanja limakodola masipoko kuti ndimve kulira kwake, lamanzere limapotoza kiyi pa kanati. Sipoko yolira pansi ndi yolefuka, yolira pamwamba yathina kwambiri. Onse akamalira mawu amodzi, gudumu lawongoka. Anyamata a masiku ano amangodalira maso, n'chifukwa chake njinga zawo zimayenda ngati bakha.

Mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito mu famase, sanazungulire.

"Bambo, adokotala akuti tione miyezi itatu. Ikatha dzanja lisanadzuke, shedi ija tibweza kwa eni msika, zitsulo tigulitsa, inu mudzakhala kwathu. Chipinda chilipo."

Chipindacho ndimachidziwa. Ndi momwe amasungiramo firiji yakufa ndi mabeseni, ndipo windo lake linayang'ana khoma la aneba. Ndinadziona nditakhala mmenemo pambali pa firijiyo, zinthu ziwiri zimene anthu akuchita manyazi kuzitaya.

Mayi wa mafizo ku chipatala anandipatsa kampira koti ndizifinya ndi mabatani oti ndizitola pa tebulo. Ine munthu wa imvi, kumatola mabatani ngati nkhuku! Kampirako ndinakaponya pa denga ndi dzanja lamanja, ndipo kadakali komweko.

Ndi mmene zinthu zinalili tsiku limene alamu anakhala pa mpando wanga n'kutulutsa gitala m'thumba lake la nsalu. Inali yakale, yokalikakalika, pamimba pake pali chigamba.

"Ndabwera kudzakuphunzitsani."

"Wakutumani ndani?"

"Ulesi. Kunyumba andithamangitsa, akuti ndikutha shuga."

"Ine chinthu chimenechi sindinachigwirepo chibadwire. Ndi cha zidakwa ndi anthu a kwaya."

"Ine ndakhalapo zonse ziwiri, ndiye mwapeza mphunzitsi. Tambasulani mwendo."

Ndinavomera, koma osati chifukwa chokonda nyimbo. Ndinkafuna kudziwa chimene abisa. Alamu ali ndi mwana wamwamuna wosagwira ntchito, ndipo shedi yanga ili pabwino, pamphambano penipeni. Mumtima ndinati, tiyeni tione kumene basi imeneyi ikulowera.

Anandiika gitala pa ntchafu, n'kutenga zala zanga zakufazo kumaziika pa nsambo chimodzichimodzi ngati akundandalika ana pa mzere. Akaika chachitatu, choyamba chagwa. Akabwezera choyamba, chachiwiri chapita kukacheza pa nsambo ya eni.

"Dinikizani."

"Ndadinikiza."

"Mukusisita. Dinikizani ngati mukupha nsikidzi."

Nditakhwatcha ndi dzanja lamanja, chimene chinatuluka chinali ngati chitseko cha malata chikukhuluzika pa simenti. Galu wa aneba anayankha.

"Mwaona," anatero alamu, "mwapeza kale wokukondani mmodzi."

Tsiku limenelo gitala anaisiya kwa ine, akuti tizolowerane.

M'mawa mwake ndinaitenga ndili ndekha kuti ndiifufuze bwinobwino, pakuti chinthu chopatsidwa chaulere sichilephera kukhala ndi chilema. Ndinakodola nsambo yoyamba, yaying'ono ija. Inalira pamwamba. Yachiwiri inalira pansi pang'ono. Yachitatu pansi kwambiri. Zonse zisanu ndi imodzi, iliyonse mawu akeake! Ndinaseka ndekha. Ndagwira wakuba. Munthu wandibweretsera chinthu chopindika, n'kumati vuto ndi zala zanga. Gudumu lolira chonchi mwini wake angafike nalo kuti?

Kumutu kwa gitala kuli tizitsulo tokungira nsambo, timene alamu amatitcha timakutu. Ndinaipana gitala ndi mawondo n'kuyamba kupotoza ndi dzanja lamanja. Yaying'ono ija ndinaiona kuti ndiyo yathina bwino, ndiye zinazo ziitsatire. Yachiwiri inakwera, inakwera, mpaka inafika. Ndinamva kukoma kumene ndinali ndisanakumve chigwereni. Yachitatu inakwera, inayamba kudandaula, kenako thaa! Inandikwapula pa tsaya. Ndinati inali yowola kale. Ndinapita pa yachinayi. Thaa! Ndili pa yachisanu, thabwa likulira ng'ii, alamu analowa.

Anayang'ana nsambo zolendewera, anayang'ana magazi pa tsaya langa.

"Mwamenyana? Wayamba ndani?"

"Ndikuiwongola. Mwandibweretsera chinthu chosakungidwa. Nsambo iliyonse ikulira zake."

Alamu anakhala pansi pa simenti, mpando uli pomwepo. Anaseka mpaka kutsokomola, misozi mbwee, akumenya pansi ndi chikhatho. "Mayo ine! Wayesa masipoko! Mlongo wanga, dzuka udzaone mwamuna wako!"

Akanakhala munthu wina ndikanamutulutsa.

Atatha kuseka anatenga gitala kuti aone chimene chatsala. Anakodola yoyamba, anakodola yachiwiri. Anabwerezanso. Kuseka kuja kunatha.

"Izi ziwirizi mwazifananitsa ndi chiyani?"

"Ndi khutu. Mumafuna ndizifananitse ndi mphuno?"

Anayang'ana timakutu tija, anayang'ana dzanja langa lamanzere lili gone pa bondo, nthawi yaitali. Kukhala chete kumeneko sindinakukonde. Munthu wolongolola akakhala chete ndiye kuti akuphika china chake.

Anabwera tsiku lotsatira ndi nsambo zatsopano, anaziika yekha ine ndikuonerera.

"Gitala si gudumu, alamu. Masipoko ndi asilikali, onse yunifolomu imodzi. Nsambo ndi banja, aliyense mawu ake, koma amamvana."

"Banja lake liti?"

"Osati lathu. Tamverani."

Anandionetsa timizere tachitsulo ta pakhosi pa gitala. Ukadinikiza nsambo yaikulu pa mpata wachisanu, iyenera kulira chimodzimodzi ndi nsambo yotsatira yosadinikiza. Kenako yotsatirayo ndi inzake, mpaka pansi.

"Kupatula iyi," anatero akuloza imodzi. "Iyi imafuna mpata wachinayi. Ndi yamakani ngati inu."

Apo ndinamva. Mawu awiri oti afanane, imeneyo ndi ntchito imene ndaigwira moyo wanga wonse. Ndinatambasula dzanja lamanja kuti ndipotoze kakhutu, alamu anandimenya pa mkono.

"Lamanzere. Lamanja ndi lokodola."

"Lamanzere ndi lakufa."

"Ndiye tidikira lidzuke. Ine sindikupita kulikonse, ndakuuzani kuti kunyumba andithamangitsa."

Tinayamba dzuwa lili pa denga la aneba, tinamaliza litafika pamutu. Zala zinkaterereka pa kakhutu ngati pa sopo. Ndinkakankha ndi chala chachikulu, kuthandizira ndi chikhatho, thukuta kamukamu. Alamu anamwa makapu atatu a tiyi wanga. Koma pamapeto pake atakhwatcha nsambo zonse pamodzi, zinalira bwino, ndipo anati, "Yatchunidwa ndi mmisiri."

Madzulo ake anainyamula, akuti akufunika nayo ku kwaya. M'mawa anabwera nayo itasokonekeranso, nsambo zonse.

"Kutentha," anatero. "Thabwa lakale limapuma."

Tsiku lina ankati ndi mabampu a mumsewu. Tsiku lina ankati ana a kwaya anaiseweretsa. Tsiku lililonse ndinkayamba ndi kutchuna, ndikatha ndipo ankandiphunzitsa kagwiridwe ka zala, kamene amati makodi. Yoyamba mwa makodiwo inanditengera milungu iwiri kuti ilire yopanda kutsamwa. Nsonga za zala zinatupa, zinasupuka, kenako zinauma n'kukhala zikang'a ngati kale. Yachiwiri inabwera msanga. Koma kuchoka pa yoyamba kupita pa yachiwiri, apo ndiye panali mtunda. Ndinkaima, kuyang'ana zala, kuzinyamula ngati katundu, nyimbo itapita kalekale.

"Giya amasinthira m'munsi mwa chitunda, alamu, osati pamwamba," ankatero. "Chala chiyambe ulendo nyimbo isanakhote. Inu mukanakhala dalaivala anthu akanamatsika kukankha."

"Inu mukanakhala wokonza njinga anthu akanamayenda pansi."

Ndisaname, masiku amenewo ndinkadzuka msanga. Ndinkasesa pakhonde, kuika mipando iwiri, kutereka madzi. Ndinkadziuza kuti ndikudikira kuti ndiwagwire pa chinyengo chawo. Mwana wanga akabwera Loweruka ankandigwira dzanja, kulitembenuza ngati akugula nsomba, n'kufunsa za kampira kaja. Ndinkati kali bwino komwe kali.

Kutatsala milungu iwiri kuti miyezi itatu ikwane, m'mawa wina shuga anandithera. Ndinatuluka kupita ku kagolosale ka kuseri. Pokhota pa khoma la mpanda, pafupi ndi mpopi, ndinawaona. Alamu atanyonyomala, gitala ili pa mawondo. Ankapotoza timakutu, aka kutsogolo, ako kumbuyo, tonse. Atatha anatulutsa kasikuludiraiva m'thumba la malaya n'kumanga tizomangira ta pa timakutu kuti tilimbe. Kenako anaibwezera m'thumba lake, anapukuta fumbi pa thalauza, n'kuyamba kuimba mluzu.

Ndinabwerera kunyumba wopanda shuga, n'kuima pakhomo.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Lero chinyezi chaisokoneza kwambiri..."

"Chinyezi chake chovala thalauza la khaki?"

Anaima.

"Ndakuonani pa mpopi. Miyezi iwiri mukundiseweretsa ngati mwana. M'mawa uliwonse kundipatsa ntchito yopanda mutu kuti masiku azipita, ine ndili pakhonde ndi chidole chanu. Miyezi itatu ikwane, ine ndituluke mu shedi, mwana wanu alowe. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe!"

"Mwana wanga?" Alamu anatsitsa gitala. "Uja amaopa girisi ngati njoka? Mungamupatse shedi ndi zitsulo zomwe, angagulitse zonse n'kugula nsapato zoyera."

"Musandiseke."

"Sindikuseka. Tsiku loyamba munatchuna nthawi yaitali bwanji?"

Anadziyankha okha.

"Mpaka masana. Dzulo munamaliza tiyi wanga asanazizire. Ndipo timakutu timeneti ndakhala ndikutilimbitsa mlungu uliwonse, panopa ngakhale ine timandipweteka zala. Zaka makumi atatu ndakhala pa ndowa ija kukuonererani, lamanja kukodola, lamanzere kupotoza. Mumayesa ndinkangolongolola? Ndikanakuuzani kuti awa ndi mafizo, gitala yanga ikanakhala pa denga ndi kampira."

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandipsetsa mtima kwambiri. Palibe chowawa ngati kunamizidwa ndi munthu amene wakudziwa bwino.

"Chokani pakhomo panga."

Anandiyang'ana, anatsamiritsa gitala pa khoma, napita. Sanaimbe mluzu.

Tsiku lotsatira sanabwere. Ndinaitchuna gitala, n'kuimba makodi anga atatu kwa galu wa aneba. Mkuja wake ndinaikodola, inali ili bwinobwino, yosasuntha ngakhale pang'ono, ngakhale kunatentha koopsa. Tsiku lachitatu chimodzimodzi. Ndinakhala pakhonde ndi mipando iwiri, dzanja lamanzere likuyabwa, chala chachikulu chikupotoza mphepo pachokha. Ndinachiyang'ana chalacho nthawi yaitali.

Loweruka m'mawa ndinatenga makiyi a shedi. Ndinali ndisanapondeko chigwereni, chifukwa ndinkaopa. Loko anali atachita dzimbiri. Mkati munali fumbi ndi ukonde wa akangaude, ndipo gudumu lija linali pomwe ndinalisiya, pa foloko yakale imene ndinaikhomera chadodolido pa benchi. Kiyi wa masipoko anali pansi, pamene anagwera kachiwiri.

Ndinamutola ndi dzanja lamanzere. Sanagwe.

Ndinakodola sipoko yoyamba. Inalira pansi, yolefuka. Ndinaika kiyi pa kanati, n'kupotoza. Kanatiko kanatembenuka mosavuta ngati kapakidwa mafuta, pakuti poyerekeza ndi timakutu ta alamu kanali ngati chivundikiro cha botolo. Ndinakhala kaye pa ndowa ija. Maso anandivuta pang'ono, mwina chifukwa cha fumbi.

Mwana wanga anandipeza ndili pa masipoko omaliza. Anali atafika kunyumba n'kupeza kokhoma, ndiye anabwera akuthamanga, nkhope itasintha.

"Bambo! Mukufuna kundipha? Mukanagwa panjira?"

"Usakuwe, iwe. Ndikumvetsera. Tazungulitsa gudumu ili."

Analizungulitsa. Ndinagwira choko pafupi ndi limu, mkombero wa gudumu, pang'ono pokha kuti chikhudze. Gudumu linazungulira, linazungulira, choko sichinalembe paliponse. Mwanayu anakulira pa shedi pano, amadziwa tanthauzo lake. Anatenga dzanja langa, koma ulendo uno sanalitembenuze ngati nsomba. Anangoligwira.

"Kachala kakang'onoka sikakupinda bwino," anatero.

"Kameneko kanali kaulesi chibadwire."

"Mwatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi kale. Koma anyamata a patsidyapo angatenge sabata, likhale lopindikabe."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Mpaka masana pokha, bambo. Masana muzitseka. Ndipo mankhwala muzimwa ine ndisanafunse."

"Nanga chipinda chija?"

"Firiji izikhala yokha."

Kenako anafunsa ngati kanali kampira kaja. Ndinati ayi, ndi amalume ako. Anatsegula pakamwa, ndiye ndinamuuza kuti atseke, ntchentche zingalowe.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinabereka gitala kumsana n'kupita kwa alamu. Anthu mumsewu ankandiyang'ana, mmisiri wa njinga wasanduka woimba. Ndinawapeza atakhala kuseri kwa nyumba akusoka chingwe cha nsapato, diso limodzi atatsinzina.

"Mukufuna chiyani?" anandifunsa.

"Mpando."

Anandikankhira kabenchi ndi phazi.

"Chinthu chanuchi chakhala masiku anayi osasokonekera," ndinatero. "Chandinyansa."

"Nyengo yasintha."

"Ndatsegula shedi. Ndawongola gudumu."

Alamu anasiya kusoka. Sanandiyang'ane, anayang'ana nsapato. "Lawongoka?"

"Choko sichinalembe."

Mawu amene ndinabwera nawo ndinali ndisanawanene. Pa moyo wanga ndawanena kwa makasitomala kambirimbiri, koma amenewo ndi a ntchito, satuluka mumtima.

"Zikomo, alamu."

"Mwati chiyani? Khutu ili linawonongeka ndi injini."

"Mwamva."

"Ndamva theka. Theka linalo mundiimbire. Makodi atatu, osaima pa chitunda."

Ndinaimba. Ndinaima kawiri, ndipo pa kodi yachitatu nsambo imodzi inatsamwa. Mkazi wawo anasuzumira pa windo kufunsa ngati mbuzi yakodwa mu mpanda. Koma ndinafika kumapeto.

Panopa ndimatsegula shedi m'mawa, masana ndimatseka monga analamulira bwana wanga wa ku famase. Makodi afika asanu. Pali ina imene imafuna chala chimodzi chigone pa nsambo zonse, imeneyo alamu akuti mwina tidzaiona chaka chamawa ngati tonse tidzakhale tili moyo. Sindidzaimba pa gulu, ndipo dziko silinataye kanthu. Anthu sindinayambe kuwakhulupirira, pakuti dzulo lomweli wina wandibweretsera tchubu cha zigamba khumi n'kumati n'chatsopano.

Alamu amabwera nthawi yotseka ikayandikira, gitala kumsana. Kuchokera pa benchi panga ndimaona bwino pamphambano. Amaima kuseri kwa chikwangwani cha telala, kunyonyomala, n'kuyamba kupotoza timakutu, aka kutsogolo, ako kumbuyo. Ine ndimatembenuka kuyang'ana ku khoma, n'kupukuta ndowa yawo ija.